Esinala Wosunga Ana a Eni

Esinala ndi mwana wanga woyamba. Bambo ake anali a Augustino, osema mabwato, amene anatisiya kalekale. Mayi ake ndine, Imelda. Esinala anabereka atatu: Tithokoze, Paul ndi Nicholas. Bambo wa anawo, a Feston, anapita kukadula nzimbe ku Chikwawa n'kukakwatira komweko, ndipo za iwo sindiwonongerapo inki yanga.

Ndalemba izi chifukwa mwezi watha kusukulu kwathu kunali mwambo. Anatchula dzina la mwana wanga, anthu anaomba m'manja, amayi analuluta. Koma panali dzina lina limene silinatchulidwe, ndipo ndi la magazi anga.

Esinala anabadwa wamtali ngati bambo ake, wamphamvu, wosadziwa kukhala pansi. Sukulu analekezera Sitandade 5, chaka chimene madzi anagwetsa makalasi, ndipo zinamuwawa moyo wake wonse. Akaona mwana atanyamula kope, nkhope yake imawala. Kutchalitchi amaimba, kudimba palibe mwamuna womuposa. Chilema chake n'chimodzi: mawu akuti ayi pakamwa pake satuluka. Ndinamumenyerapo ali wamng'ono, atapereka nkhuku yathu kwa mlendo amene anangoiyamikira. Sizinathandize.

Ife timakhala kumtunda, kumadzulo kwa Shire, kumene kuli sukulu. Kutsidya, ku Nyachikadza, kuli abale athu a m'madambo, asodzi ndi alimi a madimba. Kumeneko nthaka ndi yamafuta, mbatata zimakula ngati mitu ya ana, koma madzi akabwera palibe chimene chimaima. Ana a kutsidya ankayamba sukulu, kuisiya, kuyambanso, mpaka kumera ndevu ali Sitandade 3.

Madzi aakulu a 2015 ataphwa, kunaitanidwa msonkhano. Kunabwera anthu ochokera kuboma ndi a bungwe lina, anamata mapepala aakulu pakhoma, ndipo ahedi athu a nthawi imeneyo, a Hilario, anatifotokozera za pulani ya zaka khumi. Anati sukulu isamangokhalira kudzuka ndi kugwa, koma ikonzekere mawa. Gawo loyamba linali kumanga makalasi pamaziko aatali, kukumba mjigo ndi kudzala mitengo ya nimu kuzungulira bwalo. Gawo lachiwiri linali hositelo, nyumba yogonamo ana a kutsidya. Gawo lachitatu linali magetsi a dzuwa ndi matabuleti ophunzirira. Sindinama, tonse tinasangalala. Ineyo ndinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Tsiku lomwelo Esinala anasankhidwa kulowa mukomiti ya sukulu.

Pasanathe sabata a Hilario anafika pakhomo pake akukankha njinga. Ine ndinali pomwepo, ndikusola thonje.

"Amake Tithokoze," anatero, "nyumba yanuyi madzi sanainunkhize n'komwe. Tisungireniko ana a kutsidya teremu imodzi yokha. Ikamatha teremu, maziko a hositelo akhala atakumbidwa."

Ine ndinati, "Ahedi, nanga kwanu kulibe mphasa?"

"Agogo, kanyumba ka aphunzitsi kaja mukukadziwa. Nkhuku ikalowa, ine ndimayamba ndatuluka."

Tinaseka tonse, chifukwa munthuyo anali wanthabwala. Kenaka anatembenukira kwa Esinala n'kunena mawu amene amamanga anthu manja: "Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Esinala anati, "Abwere."

Anabwera. Poyamba anali anayi, atanyamula timitolo ta nsomba zouma za makakana ndi mbatata zochokera kwa makolo awo. Mbiri itamveka kutsidya, mabwato anayamba kutsitsa ena. Pofika mwezi wachitatu mphasa zinali zitadzaza chipinda, pabalaza mpaka pakhonde.

Tsopano ndinene chimene a mapepala aja sanachidziwe, ndipo ife amene tinkachidziwa sitinachinene. Mjigo wa pasukulu unatuluka madzi amchere, monga mijigo yambiri kuno. Nyemba sizipsa nawo, sopo sachita thovu. Madzi ophikira ndi akumwa timatunga ku Shire, ndipo mu Shire muli ng'ona. Kuno mwana wosungitsidwa satumidwa kumtsinje. Ng'ona ikagwira mwana wako, ndi maliro. Ikagwira mwana wa mwini, ndi maliro ndi mlandu womwe, ndipo mpaka kufa kwako anthu adzakhala akunong'ona kuti ng'onayo unaituma ndiwe. Ndiye mwana wa eni umamutuma kusesa, kutsuka mbale, kupirikitsa mbuzi. Ndowa ndi nkhata zimapita pamutu pa wako.

Wa Esinala anali Tithokoze. Paul ndi Nicholas anali aang'ono, komanso anyamata, ndipo kuno anthu amachita ngati mutu wa mnyamata ndi dzira.

Tithokoze anali Sitandade 7. Ndikati mdzukulu wanga anali wanzeru musati ndi kunyada kwa agogo. Funsani amene anaphunzira naye. Masamu ankawachita pamtima, aphunzitsi akadali kufunafuna choko. Ankati sitima ikadzayambanso kudutsa pa Chiromo adzaiyendetsa ndi iyeyo, ndipo ine adzandikweza kutsogolo ndi dengu langa la masau.

M'mawa uliwonse ankayenda maulendo a kumtsinje mpaka mitsuko ya anthu onse aja itadzaza. Anzake amasamba madzi amene iye watunga, kudya phala, kunyamuka. Iye amatsalira, kufika belu litalira kale. Ndipo pulani yomwe ija inali ndi lamulo la kusunga nthawi: wochedwa aliyense azithirira mitengo ya nimu. Nimu waung'ono samera ndi madzi amchere. Ndiye mdzukulu wanga ankachoka kumtsinje, kufika kusukulu, kupatsidwa chigubu, kubwereranso kumtsinje. Mitengo imene lero alendo amakhala pamthunzi pake n'kumati sukulu iyi ndi yokongola, inakulira pakhosi pa Tithokoze.

Teremu inatha. Maziko sanakumbidwe. Chakudya chimene makolo ankatumiza chinayamba kuchepa, osati chifukwa cha nkhanza, koma nawonso analibe. Esinala anaona kuti akapanda kukalima dimba lalikulu, ana a eni agona ndi njala m'nyumba mwake, chinthu chamanyazi kuposa umphawi. Koma akapita kudimba, pakhomo atsala ndani?

Ndinalipo tsiku limene anamuuza. Tithokoze anali atangotula ndowa, madzi akumuyenderera kumsana.

"Titho, mwanawe, khala kaye pakhomo teremu inoyi. Imodzi yokha. Ine ndikagwire kudimba. Hositelo ikangotha ubwerera."

Mwanayo sanalire. Anangofunsa kuti, "Nanga mayeso, amayi?"

"Mayeso sathawa. Iwe ndi wanzeru, udzawapeza."

Panali kamtsikana kena ka kutsidya, Molly, kamene yunifolomu yake inapita ndi madzi ndipo kankabwezedwa kusukulu kawirikawiri. Esinala analowa m'nyumba, anatenga yunifolomu ya Tithokoze pachingwe, n'kupatsa Molly. "Ubwereke, poti mwini wake sakuivala pakali pano."

Madzulo ake ndinamuitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe Esinala, wapenga? Wavula mwana wako kuti uveke wa mnzako?"

"Amayi, ndi teremu imodzi."

"Teremu imodzi inatha kale! Abweze anawo kwawo."

"Ndiwabweze bwanji? Amayi awo anandigwira mwendo padooko. Akabwerera kutsidya sukulu yathera pomwepo. Wanga ali pafupi ndi sukulu, adzalowa tsiku lililonse."

Mwamva? Chifukwa choti anali pafupi ndiye anatsalira. Amene wakhala pafupi ndi bwato ndiye amakwera pomaliza.

Chaka chotsatira ndinavala chitenje changa chabwino n'kupita ku ofesi ya ahedi.

"Takulandirani agogo. Kwagwanji?"

"Ndabwera kudzaona gawo lachiwiri. Loyamba ndaliona, makalasi ndi awa. Lachiwiri mwaliika kuti?"

A Hilario anakanda m'mutu. "Agogo, otithandiza aja anati tiyambe ndi lachitatu. Dziko likupita kumakompyuta, ana athu asatsalire."

"Kusukulu kwanu kuno mumawerenga chimodzi, zitatu, ziwiri?"

Anaseka, koma ine sindinaseke. Ndiye anatsitsa mawu. "Kunena zoona, atabwera kudzayendera anaona kuti vuto la malo ogona anthu a m'mudzi analithetsa okha. Anasangalala kwambiri. Akuti izi ndiye zokhalitsa, zosadalira thandizo lakunja. Amake Tithokoze atitchukitsa, agogo."

Ndinanyamuka n'kutuluka. Mwana wanga akanakhala waulesi, akanawagoneka anawo ndi njala, mmodzi akanadwala, hositelo ikanamangidwa chaka chomwecho. Koma poti anaigwira bwino ntchitoyo, anamusiyira.

Kuyambira pamenepo magalimoto ankaima pakhomo pa Esinala. Alendo ankatsika, kujambula mphasa zoyalidwa bwino, kujambula ana atavala yunifolomu atafola pamzere, Esinala ali pakati. Tsiku lina mayi wina wa ku Blantyre, wa magalasi ndi nsapato zosongoka, anaona Tithokoze akulowa pampanda ndi ndowa pamutu.

"Eee, mpaka muli ndi wantchito? Mumamulipira bwanji?"

Ine ndinadikira kuti Esinala ayankhe. Anayang'ana pansi, chifukwa akanati ndi mwana wanga, funso lotsatira likanakhala lakuti nanga bwanji sali pamzerewu, ndipo ahedi anali ataima pomwepo. Ndinayankha ndine.

"Ameneyo ndi mdzukulu wanga Tithokoze, mwana wa m'nyumba muno. Anali woyamba m'kalasi. Mujambuleni nayenso."

Mayiyo anamwetulira, n'kunena kuti batire latha.

Tithokoze anatula ndowa, analowa m'khitchini, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasiya kufunsa za sukulu. Anali atakula, thupi litasintha. Anzake anali ku sekondale. Akanakhala bwanji pa desiki limodzi ndi tiana timene ankatisambitsa? Panali mnyamata wina, Kalisto, msodzi wa kutsidya, amene ankabweretsa nsomba za mlongo wake wosungitsidwa. Ankakumana ndi Tithokoze padooko m'mawa, ndipo iye yekha ndiye ankaima ndi nkhafi m'manja kuyang'anira ng'ona pamene Tithokoze akutunga. Sindimuda mnyamatayo. Anachita chimene komiti yonse sinachite. Anakwatirana, anamutengera kutsidya, ndipo anabereka mwana wamkazi, Favour.

Esinala ndi Tithokoze sanakanganepo. Zikanakhala bwino akanakangana. Tithokoze akabwera amagwada, kupereka moni, kutula nsomba. Koma akamanena za mayi ake kwa anthu amati "amayi a hositelo."

Ndisabise zabwino, poti ndine mkhristu. Namondwe wa 2023 atabwera makalasi aja anaima, ndipo mudzi wonse unathawira momwemo. Mitengo inatchinga mphepo. Ana a masiku ano amadina matabuleti ngati anabadwa nawo. Mwa ana amene anagona kwa Esinala muli namwino, muli msilikali, muli wogwira ntchito kubanki ku Limbe. Paul amapalasa kabaza pa Ngabu ndipo amadzidalira, Nicholas ali Folomu 3. A Hilario anakwezedwa, anapita kuboma. Ndipo Molly, wa yunifolomu uja, anamaliza maphunziro a uphunzitsi n'kutumizidwa pasukulu yathu yomweyi. Ndi mtsikana waulemu. Akamuona Esinala amagwada mpaka pansi, amati amayi.

Tithokoze atachoka, ndowa inabwerera pamutu pa Esinala. Zaka zonsezi watunga yekha madzi a nyumba yodzaza ana a eni, kuphatikizapo madzi anga, poti ine miyendo inandikana. Khosi lake tsopano linauma. Akafuna kuyang'ana kumbali amatembenuka thupi lonse ngati bwato.

Mwezi watha ndiye kunali mwambo uja, wotsekera pulani yakale ndi kutsegulira yatsopano. Anamata mapepala ena. Molly ndiye anawerenga, mawu ake omveka bwino. Gawo loyamba ndi intaneti. Gawo lachiwiri ndi hositelo. Nditamva ndinaseka mokweza mpaka mayi woyandikana nane anandigunda ndi chigongono. Kenaka anamuitana Esinala kutsogolo, anamuveka chitenje chatsopano, anamutcha mayi wa sukulu, ndipo ahedi atsopano anapempha kuti apitirize kwa kanthawi kochepa. Anthu analuluta. Iye anaima pamenepo ndi khosi lake louma, n'kunena kuti zikomo.

Patapita masiku ochepa, sukulu itatsala pang'ono kutsegulidwa, Tithokoze anaoloka ndi Favour. Mwanayo wakwanitsa zaka zoyambira Sitandade 1, ndipo ndi chithunzi cha mayi ake, maso akuthwa, mafunso osatha. Esinala anasangalala ngati mtsikana. Anathamangira m'nyumba n'kutulutsa kayunifolomu kamene anasoketsa kwa telala mwakachetechete.

"Bwera kuno mkazi mnzanga, tikuyese. Taonani, amayi, ngati anabadwa nayo!"

Favour anazungulira pabwalo akudzigwira m'chiuno. Tithokoze anakhala pamphasa osaseka. Anayang'ana mitsuko ili pamzere pakhonde, anayang'ana mphasa zopindidwa.

"Amayi, chaka chino mwalonjeza angati?"

"Ochepa chabe. Malo a Favour alipo, agona pambali panga."

"Za malo sindikufunsa. Madzi akutunga ndani?"

"Ndine."

"Ndi khosi limenelo?"

"Likadalipo."

"Chaka chino lilipo. Chaka chamawa? Chinacho? Tsiku limene mudzalephere kudzuka, m'nyumba muno wamagazi anu adzakhala ndani? Nicholas ali ku sekondale. Ana a eni simudzawatuma, ndikukudziwani. Mudzati Favour, tenga kachigubu kakang'ono, lero lokha."

"Titho, ungandiganizire zimenezo? Mdzukulu wanga?"

"Ine ndinali mwana wanu."

Esinala anakhala pansi pang'onopang'ono. Favour anasiya kuzungulira.

"Sindinabwere kudzakangana," anatero Tithokoze. "Ndabwera ndi mawu amodzi. Akauzeni akomiti kuti mwatopa. Ana a eni apite kwa ahedi, apite kwa Molly, apite kumene kuli gawo lachiwiri. Mukatero Favour ndimusiya lero lomwe. Apo ayi, nkhabe, sindimusiya, ndibwerera naye."

"Ukabwerera naye sukulu aiona kuti?"

"Kusaphunzira ndikukudziwa, sikupha. Ng'ona imapha."

Ine ndinalowererapo. "Msiye kwanga, Titho. Kanyumba kanga mulibe ana a eni."

"Agogo, madzi anu amatunga ndani?"

Amatunga ndi Esinala yemweyo, ndipo tonse tinkadziwa.

Esinala anapukuta maso ndi chitenje chake chatsopano chija. "Mwanawe, makolo awo ndawalonjeza kale. Mabwato afika Lamlungu. Sindingawabwezere padooko. Ndipatse teremu imodzi yokha."

Tithokoze anaseka. Sindinamvepo kuseka koipa ngati kumeneko. Anamuitana Favour, anamuvula kayunifolomu kaja mosamala, anakapinda, n'kukaika pamiyendo pa mayi ake.

"Sungani. Mwina kubwera wina amene yake yapita ndi madzi."

Anagwada, anatsanzika mwaulemu wonse, n'kutsikira kudooko mwana ali kumbuyo kwake akufunsa kuti nanga sukulu ija.

Ndinamukalipira Esinala mpaka mawu anandithera. Ndinamuuza kuti bambo ake a Augustino ankasema mabwato a anthu onse, koma loyamba kuyandama madzi akabwera linali lonyamula ana awo. M'mawa mwake anavala bwino, anati akupita kusukulu kukanena kuti ayi. Ndinamuperekeza ndi maso mpaka pamitengo ya nimu. Anabwerera dzuwa lili pamutu.

"Wanena?"

"Ndinapeza Molly. Anandigwadira, amayi. Anati popanda ine bwenzi iye ali kuti."

"Ndafunsa kuti wanena?"

"Ndawauza kuti teremu ino ikatha tikambirane."

Mabwato anafika Lamlungu. Mphasa zadzazanso mpaka pakhonde. Belu likamalira ndimamva ana a eni akuthamanga kudutsa kuseri kwa nyumba yanga, ndipo Favour ali kutsidya, akuingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Kalisto ndiye amabweretsa nsomba tsopano. Tithokoze chichokere sanapondenso kumtunda kuno.

Esinala ndi munthu wabwino, ndipo amene anganene zoipa za iye adzaonana ndi ine. Wasunga ana a mudzi wonse, sanatayepo mmodzi. Koma anabwereka teremu imodzi kwa mwana wake, ndipo mpaka lero sanabweze. Tsopano wabwerekanso ina kwa mdzukulu.

Kayunifolomu kaja ndinakatenga ine, kuti kasabwerekedwe. Kali pamsomali m'nyumba mwanga. Kalisto akuti mwanayo akukula msanga, ndiye dzulo ndinamasula mpendero n'kuutsitsa pang'ono. Nsalu yotsala m'katimo ndi yokwana kutsitsa kamodzi kokha. Esinala ndamuonetsa.